Yesu Anabadwa Liti: Mateyu kapena Luka?

Mateyu 2 akunena kuti Yesu anabadwa mfumu Herode ili moyo, ndipo Herodeyo anamwalira mu 4 BC. Luka 2 akulumikiza kubadwaku ndi kalembera wa Kureniyo, bwanamkubwa wachiroma wa ku Siriya. Malinga ndi Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, kalemberayu anachitika mu 6 AD. Kusiyana kwake ndi zaka pafupifupi 10.

Pa nkhani ya chaka, Mateyu ndiye wodalirika, poti Luka yemweyo pa 1:5 akutchulanso masiku a Herode. Komanso Luka akuti Yosefe anapita kukalembetsa ku Betelehemu chifukwa anali wa banja la Davide, pomwe kalembera wa Aroma anali wa msonkho, ankalemba munthu kumene akukhala ndi kumene kuli chuma chake, osati kwawo kwa kholo lakalekale ngati Davide.

Mateyu nayenso ali ndi pofooka pake. Josephus analemba mwatsatanetsatane nkhanza za Herode, koma za kuphedwa kwa ana ku Betelehemu, zimene Mateyu akuti Herode analamula, sanatchuleko.