Chojambula cha phiri la Soche: eni ake anakonza, koma mnyamata wa pa kauntala sanapepese

Ndikulemba izi za gallery (malo ogulitsira zojambula) kumene ndinagula chojambula, mtima utatsikako pang'ono. Ndikanalemba sabata yomwe zinachitika ija, bwenzi ndikupereka nyenyezi imodzi basi pa zisanu.

Amene munafikako ku gallery imeneyi mukudziwa kuti eni ake ndi bambo amene nawonso amajambula, ndipo amagulitsanso ntchito za ojambula ena angapo. Mukudziwanso kuti mitengo yake si ya anyamata a ziboliboli a m'mbali mwa msewu mu tauni muja. Changa chinali K420,000. Theka ndinalipira pa Mpamba, lotsala ndinamaliza pakutha kwa mwezi. Za mtengo sindikudandaula. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo penti wa mafuta ndi maburashi abwino sizipangidwa kuno.

Chimene chinandikoka n'chakuti chinali chithunzi cha phiri la Soche monga mmene linkaonekera ukaima ku Chilobwe kale, lisanang'ambike ndi madzi a Freddy mu Marichi 2023. Amayi anga anakhala ku Chilobwe zaka zoposa makumi atatu. Chichokereni kumeneko akukhala ndi ine ku Machinjiri, ndipo tikamadutsa cha ku Kudya safuna n'komwe kutukula maso kuyang'ana phirilo. Ndinafuna kuti akhale nalo m'chipinda chawo lili lathunthu, lobiriwira, timanyumba ta malata tili m'munsi mwake.

Tsopano nkhani ya mnyamata wa pa kauntala. Tsiku loyamba lomwe, nditangoima kutsogolo kwa chojambulacho, anabwera n'kundifunsa kuti, "Amayi, mtengo wake mwauona?" Kenako anandilozera kuseri kumene amaika makadi ndi tizithunzi tosindikiza totchipa. Sindinamuyankhe. Ndinangoti mwina ndi chibwana.

Tsiku lokatenga linali Loweruka mu Julayi, chiperoni chili mwaa. Ndinafika ine poyamba, lisiti lili m'manja. Patangopita mphindi zochepa panalowa alendo awiri achizungu, ndipo mnyamatayo anandisiya pomwepo n'kuyamba kuwazungulitsa chipinda chonse, kuwafotokozera chojambula chilichonse, mano onse pamtunda. Ndinaima mphindi makumi anayi. Mpando unalipo koma sanandiuze kuti khalani. Alendowo anatuluka osagula kanthu, ndipo m'pamene anatembenukira kwa ine nkhope itasintha. Anatsitsa chojambulacho pakhoma, anatenga pulasitiki wa timatuza uja, anamukulunga pamwamba penipeni pa penti popanda kuika kanthu pakati, n'kumanga ndi selotepu mwamphamvu ngati akumanga katoni ya sopo. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, pentiyu anauma bwinobwino? Ndikumva kafungo." Iye anati, "Amayi, ntchito yathu timaidziwa."

Ndinachisunga chili chokulunga masiku asanu ndi anayi, chifukwa ndinkadikira Lamlungu loti azichimwene anga ndi ana awo abwere tidzawapatse amayi tonse pamodzi. Titadya nsima tinawakhazika pa mpando, mdzukulu wawo wamkulu n'kumadula selotepu. Pulasitiki uja atayamba kumatuka ndinamva kuti nyaa, ngati ukuchotsa pulasitala pachilonda. Thambo lonse la chithunzicho linali ndi timadontho tozungulira, mizeremizere, chidindo cha timatuza tija. Pamwamba pa phiri, pamene wojambula anaunjika penti wambiri woyera wa mitambo, penti wina anatsalira pa pulasitiki. Anthu onse pabalaza anangoti zii. Amayi anatambasula dzanja, anakhudza m'munsi mwa phiri pamene panali posawonongeka, n'kunena kuti, "Zikomo mwanawe, n'chokongola." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanati akwiye.

Madzulo omwewo ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp ya gallery. Anawerenga, osayankha. Lolemba ndinaimba, anayankha ndi mnyamata yemwe uja. Anati katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa, ndipo mwina ndinachiika pafupi ndi mbaula chifukwa cha kuzizira. Tangoganizani, munthu walipira ndalama zonsezo, akaike chojambula pa mbaula? Ndinamuuza kuti ndikufuna kulankhula ndi eni ake, iye anati ali otanganidwa.

Lachitatu ndinapempha kuweruka msanga kuntchito ku Limbe, ndinakatenga chojambulacho n'kupita nacho ndekha. Mwamwayi ndinawapeza bambowo ali panja akutsuka maburashi. Ndinali nditakonzeka kukangana, mawu onse ndinali nditawayala kale m'mutu. Iwo anachitenga, anachipendeketsa poyera, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pepani kwambiri mayi. Apa olakwa ndife, inu simunalakwe chilichonse." Anandilowetsa mkati, anandipatsa mpando ndi tiyi.

Anandifotokozera zimene ndikanayenera kuuzidwa tsiku logula. Penti wa mafuta sauma ngati wa akiriliki, amene pakatha ola limodzi kapena awiri wagwira. Wa mafuta amayamba kuuma pamwamba, ukamukhudza umaona ngati watha, koma mkati amakhala wofewa kwa milungu kapena miyezi, makamaka pamene wapakidwa mochindikala ndi kampeni kaja kopakira. Nyengo yozizira ndi ya chinyezi ngati ya chiperoni imachedwetsanso. N'chifukwa chake vanishi amadikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Chojambula changacho chinali chitamalizidwa kumapeto kwa Meyi. Anati sichinayenera kukhudzana ndi pulasitiki m'pang'ono pomwe, chinayenera kuikidwa m'katoni yokhala ndi timitengo m'makona kuti pankhope pake pasagunde kanthu, ndipo ndinayenera kuuzidwa kuti ndikafika kunyumba ndichitsegule tsiku lomwelo.

Anandipatsa zosankha ziwiri: kundibwezera ndalama zonse pomwepo, kapena kuti mwini wake amene anachijambula achikonze. Ndinasankha kukonza, chifukwa chinali chimodzi chokhacho. Apa m'pamene ndinaona ubwino wogula kwa munthu amene naye amagwira burashi. Sanafunike kufunsa aliyense, anadziwa vuto atangoona, ndipo anaimbira wojambulayo ine ndili pomwepo.

Zinatenga milungu isanu. Wojambulayo ndi mtsikana wamng'ono ndithu, ndipo anabwera yekha ku Machinjiri ndi katoni, misomali ndi hamala. Anagwada kupereka moni kwa amayi, n'kuwafunsa kuti, "Agogo, tichipachike pati?" Anakana khoma limene ndinasankha ine, ati ndi lakunja, nthawi ya dzinja limanyowa ndipo kanivasi ikhoza kuchita chuku kumbuyo. Anakananso moyang'anana ndi windo chifukwa cha dzuwa. Atachipachika, amayi anayamba kumulozera ndi chala pamene panali nyumba yawo, njira yopita ku chigayo, pamene ankatunga madzi. Mtsikanayo anakhala pa mkeka n'kumamvetsera mpaka kunja kunayamba kuda. Chichokereni ku Chilobwe, sindinawamvepo amayi akukamba za kumeneko nthawi yaitali choncho. Mtsikanayo sanalandire ngakhale ndalama ya minibasi imene ndinamupatsa.

Kunena zoona, ntchito ya kukonzayo si yangwiro. Dzuwa likapendeka cha m'ma 4 koloko, pakona ya kumanzere kumwamba timadontho tina timaonekabe pang'ono. Mlendo sangazindikire, koma ine ndimationa.

Za ojambula ena a pamenepo, alipo wina amene amajambula amayi othyola tiyi ku Thyolo, ndipo mmene amagwirira kuwala kwa m'mawa pa madengu awo n'zoti munthu ukhoza kuimapo ola lathunthu. Wina amajambula zilombo za gule wamkulu ndi makala, zamphamvu kwambiri. Koma khoma lonse la pafupi ndi khomo ladzaza milambe, mabwato ndi dzuwa likulowa pa nyanja, zofanana zokhazokha, zoti alendo anyamule pobwerera kwawo. Malo abwino chonchi akanapatsa ntchito za mtsikana uja.

Ndapereka nyenyezi zitatu. Bambowo ndi mtsikanayo akanakhala okha ndikanapereka zisanu mosakayika. Koma mnyamata uja akadali pa kauntala pomwepo. Nditapitako mwezi watha kukatenga kapepala kotsimikizira kuti chojambulacho n'chenicheni, kamene anaiwalanso kundipatsa tsiku loyamba, anandipatsira maso ali pa foni, osanena kuti pepani ngakhale kamodzi. Bambowo anandiuza kuti anamulankhula. Ine sindinaone kusintha.

Mukapita, funsani eni ake enieniwo, funsaninso kuti chojambula mukufunacho chinamalizidwa liti, ndipo musalole kuti pulasitiki akhudze penti. Ine ndibwererako mu Januwale kuti akapake vanishi, anati sadzandilipiritsa. Ndidzayamba ndaimba kaye kuti ndidziwe ngati bambowo alipo.