Corydoras adolfoi patatha miyezi 14 m'thanki

Kansomba aka kamanamiza munthu m'miyezi itatu yoyambirira. Kamadya bwino, kamasambira, mtundu wake ukuwala, mwini thanki n'kuyamba kuona ngati onena kuti n'kovuta amangokokomeza. Mavuto amayamba kuonekera mwezi wachinayi kapena wachisanu, ndipo amayambira pa ndevu.

Corydoras adolfoi ndi kamlamba ka ku Brazil, kochokera m'timitsinje tothira mu Rio Negro cha kumtunda, kufupi ndi São Gabriel da Cachoeira. Warren Burgess ndiye anakapatsa dzina mu 1982 polemekeza Adolfo Schwartz, yemwe ankatumiza nsomba kunja kuchokera ku Manaus. Kuyambira 2024 ena akukalemba kuti Hoplisoma adolfoi, koma ogulitsa akadali pa dzina lakale. Kamakula kufika masentimita 5 kapena 6. Thupi ndi lotuwa moyera, mzere wakuda umadutsa pamaso, wina pamsana, ndipo pakati pa mizere iwiriyo pali kachigamba kofiirira ngati lalanje lakupsa. Ogulitsa nthawi zambiri amakasokoneza ndi mtundu wina wofanana nako wotchedwa Corydoras duplicareus, yemwe mzere wake wa pamsana ndi waukulu. Mukagula mosokonezeka choncho musadandaule, kasamalidwe kake n'kofanana.

Thanki yomwe ikukambidwa pano ndi ya masentimita 90 m'litali, 35 m'lifupi ndi 35 kuya, malita pafupifupi 110, muli nsomba 8. Zikachepera pa 6 zimangobisala pansi pa chikuni, zimatuluka usiku wokha. Kutentha ndi madigiri 24 mpaka 26, pH (muyeso wa asidi wa m'madzi, nambala ikatsika asidi wachuluka) ndi 6.5, fyuluta ndi ya siponji yoyendera mpweya.

Ndevu ndiye chida chake chofunira chakudya. Nsomba yathanzi imalowetsa mphuno mumchenga mpaka m'maso, mchenga n'kumatulukira m'mbali mwa mutu ngati ufa pasefa. Ndevu zikayamba kufupika, kapena kunsonga kukayera ngati ulusi wopsa, ndiye kuti pansi pa thanki pavuta. Ambiri amaloza chala miyala yakuthwa, ndipo n'zoona kuti imacheka. Koma chachikulu ndi uve. Zotsala za chakudya zimagwera m'mipata ya miyala, zimawola, mabakiteriya amachuluka pamalo pomwe nsombayo imagwiritsa kamwa tsiku lonse. Mchenga wosalala nawo umapha ndevu ukakhala wambiri. Ukapitirira masentimita 3 pansi pake sipafika mpweya, pamada, ndipo mukavundula pamatuluka thovu lonunkha ngati dzira lowola. Sentimita imodzi kapena awiri ndi wokwanira. Mlungu uliwonse chotsani madzi malita 30, paipi yokokera madzi muiyendetse pamwamba penipeni pa mchenga, kenako mupalase mchengawo ndi zala. Nitrate, mankhwala omwe amaunjikana m'madzi kuchokera ku ndowe za nsomba ndi zowola, asapitirire mamiligalamu 20 pa lita. Ndevu zongofupika zimameranso pakatha milungu ingapo madzi akakhala oyera, koma zikathera pamlomo penipeni kawirikawiri sizibwerera.

Mchenga wa kumtsinje umagwira ntchito bola muusefe, muutsuke mpaka madzi ayere, ndipo muuyese kaye. Thirani viniga pa kamchenga kouma pasupuni. Ukachita thovu muli laimu kapena zigoba za nkhono, ndipo udzakweza pH. Uwo usiyeni.

Apa ndi pomwe ozolowera mbuna amapunthwa. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo osunga mbuna amaika dala miyala ya laimu kuti madzi akhale otero. Rio Negro ndi mtsinje wa madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, a asidi, opanda mchere wa m'miyala. Adolfoi wobadwira m'thanki amapirira mpaka pH 7 kapena kupitirira pang'ono, koma m'madzi a mbuna amangokhala moyo, mtundu umazilala ndipo saswana. Kumuika pamodzi ndi mbuna ndiye kumupereka dala, zimamulanda chakudya ndi kumuluma zipsepse. Madzi a pamjigo m'madera ambiri ndi olemera mchere wa m'miyala, choncho ayenera kusakanizidwa ndi a mvula, theka ndi theka poyambira, kenako muyese. Madzi a mvula okhaokha ndi oopsa chifukwa alibe chogwira pH, imatha kugwa usiku umodzi. Potunga, siyani mvula yoyamba itsuke denga, ndipo pewani malata a dzimbiri kapena atsopano kumene, chifukwa amatulutsa zinki. A pampopi muthiremo mankhwala ochotsa klorini. Masamba ouma a mtengo wotchedwa Terminalia catappa awiri kapena atatu amadetsa madzi pang'ono, nsomba zimatuluka poyera kwambiri, ndipo muziwasintha akafumbutuka.

Pa chakudya palibe zambiri. Si nsomba yodya zotsala za anzake monga amanenera ena m'masitolo. Ipatseni timibulu tomira madzulo, kuwonjezera nyongolotsi zodulidwa bwino kapena bloodworm (timphutsi tofiira ta m'madzi) kawiri kapena katatu pa mlungu. Chomwe sichinathe pa mphindi 15 chichotsedwe. Nsomba yodya mokwanira mimba yake imakhala yodzaza pang'ono, yolowa m'kati ndi ya njala kapena njoka za m'mimba.

Nthawi ndi nthawi kamathamangira pamwamba, kumeza mpweya, n'kubwerera pansi. N'chibadwa chake, kamapumiranso m'matumbo, n'chifukwa chake pakati pa madzi ndi chivindikiro pazikhala mpata wa masentimita awiri kapena atatu. Koma zikamakwera zonse mobwerezabwereza, mpweya m'madzi wachepa. Izi zimachitika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala madzi akadutsa madigiri 28. Tsegulani chivindikiro, muike fani iwombe pamwamba pa madzi, muchepetse chakudya. Magetsi akazima nsombazi zimapirira kuposa zina, koma mabakiteriya abwino a mu fyuluta, ochotsa ammonia (poizoni wochokera ku ndowe za nsomba), ndi omwe amayamba kufa akasowa mpweya kwa maola angapo, ammonia n'kukwera mawa lake. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamathetsa zimenezi, ndipo ndi chifukwa chake siponji yaposa fyuluta yotsekeka pa thanki imeneyi.

Mankhwala okhala ndi kopa komanso mchere wothira m'thanki sizigwirizana nako. Pogwira musagwiritse ntchito kaukonde, minga ya pazipsepse za m'mbali ndi yapamsana imakola ndipo kumasula kwake n'kuvulaza nsomba. Kabakuli ka pulasitiki ndi kabwino. Mingayo ikakubayani imaluma ngati njuchi. Pali chinanso chomwe chimapha nsomba zambiri paulendo: zikaopsezedwa zimatulutsa poizoni m'madzi, ndipo m'jumbo yaing'ono zimadzipha zokha. Mukaona madzi a m'jumbo achita thovu kapena mbuu, nsomba zitagona cham'mbali, zisamutsireni m'madzi oyera ofanana kutentha nthawi yomweyo, osadikira zozoloweretsa pang'onopang'ono.

Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa mitundu ina ya Corydoras monga aeneus kapena paleatus, ndipo amene alibe njira yopezera madzi opepuka, osachuluka mchere wa m'miyala, chaka chonse angachite bwino kugula zimenezo. Amene ali nayo, malipiro ake amabwera nsomba zikakhwima, pafupifupi chaka. Zazikazi zimaoneka zonenepa mukaziyang'ana kuchokera pamwamba. Zidyetseni nyongolotsi mlungu wathunthu, kenako musinthe theka la madzi ndi ozizira madigiri awiri kapena atatu, makamaka tsiku lomwe kunja kwachita mitambo ya mvula. Yaimuna imaima mopingasa kutsogolo kwa mutu wa yaikazi, yaikazi imanyamula dzira limodzi kapena awiri pakati pa zipsepse za pamimba n'kukamata pagalasi kapena pansi pa tsamba. Mazira ndi aakulu koma ochepa, 20 kapena 30, ndipo makolo amatha kuwadya. Mazirawo akalimba patatha ola, agubuduzeni ndi chala n'kuwaika m'kabakuli ka madzi a m'thanki momwemo, muli mpweya. Oyera mbee ndi ofa, achotseni asanapatsire anzawo nkhungu. Amaswa pa masiku 4 kapena 5, ndipo tiana timayamba kudya patatha masiku ena awiri kapena atatu, microworm (tinyongolotsi tating'onoting'ono) kaye, kenako brine shrimp (tizilombo tating'ono ta m'madzi a mchere) ongoswa kumene.

Tiana tambiri timafa mlungu wachiwiri, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija cha ndevu. Pansi pa galasi lopanda kanthu pamachita ndere yoterera ya mabakiteriya, tiana n'kumagona pomwepo. Wazani mchenga wopyapyala wongophimba galasi, musinthe gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi tsiku lililonse pogwiritsa ntchito kapaipi ka mpweya, ndipo madzi ochotsedwawo muziwathira m'mbale yoyera musanataye, chifukwa kamwana kamodzi kapena tiwiri timapita nawo.