Kamakina kofotokozera alendo ku Mehrangarh, ndalama yake siipita pachabe

Anzanga amene timaperekeza alendo kuchokera pa Likhubula kuphiri la Mulanje, mwakhala mukundifunsa za ku India. Za chakudya tidzakamba pamaso. Lero ndikuuzeni za kamakina kamene amabwereketsa pakhomo la Mehrangarh ku Jodhpur, linga lachifumu limene mfumu Rao Jodha anayamba kumanga mu 1459 pamwamba pa thanthwe.

Umavala mahedifoni, ukafika pamene alembapo nambala umadina nambalayo, mawu n'kuyamba kufotokoza. Palibe wokuthamangitsa. Pachipata cha Loha Pol ndinaima nthawi yaitali. Pakhoma pali zidindo za manja ang'onoang'ono zopakidwa zofiira, chikumbutso cha akazi a mfumu Man Singh amene anapsa pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wawo mu 1843, monga mwa mwambo wakale wa kumeneko. Ndinabwereza kumvetsera, thupi lili zii.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya eni malowo, a Gaj Singh, a fuko la Rathore pakati pa a Rajput, mtundu wa mafumu ndi ankhondo. Analowa ufumu mu 1952 ali ndi zaka 4 zokha, bambo awo a Hanwant Singh atamwalira pangozi ya ndege. Apa n'kuti Jodhpur ili kale m'manja mwa boma la India. Atangobwerako kusukulu ku Oxford ku England, mu 1971 boma la Indira Gandhi linathetsa maudindo a mafumu onsewa pamodzi ndi mswahala wawo. Taganizani, mnyamata wa zaka 23, mphamvu palibe, ndalama yaduka, koma chimpanda chonsecho chikuyang'ana iye. Wina akanagulitsa katundu wa makolo n'kusamukira kunja. Iwo mu 1972 anakhazikitsa bungwe losamalira lingali la Mehrangarh Museum Trust n'kutsegulira anthu wamba zipata. Lero umaona ndi maso ako machila onyamuliramo mafumu, mipando yoika pamsana pa njovu, ngakhale timabedi ta makanda achifumu. Boma silikuwawerengeranso ngati mfumu, koma anthu a ku Jodhpur amawatchabe Bapji, kutanthauza bambo wolemekezeka, ndipo ulemu umenewu ine ndikuti anaugwirira ntchito.

Monga woperekeza alendo ndinasirira kasanjidwe ka nkhaniyo, chinthu chimodzi pamalo amodzi, osaunjikira mlendo zaka ndi mayina.

Mukapita, lawirirani dzuwa lisanakule ndipo nyamulani madzi. Chitunda chake kwa ife si kanthu, koma ngati muli ndi achikulire, pali chikepe chokwezera anthu pamwamba.