Maziko a kasitolo kanga pamalo otsetsereka, patatha miyezi 21

Loweruka lapitali ndinatulutsanso kapaipi kanga koonekera mkati, ndinathiramo madzi, n'kuyeza levulo ya ngodya zinayi za kasitolo kamene tinamanga kuseli kwa nyumba mu Sepitembala 2023. Kusiyana kwa ngodya zonse sikunafike theka la sentimita. Chitseko chikutseguka bwinobwino osakhula pansi, ndipo silabu ilibe mng'alu. Ndinakondwa, koma ndikanena kuti zonse zinayenda bwino ndikhala ndikunama. Pali malo atatu amene madzi anandigonjetsa, ndipo malo onsewo ali kunja kwa silabu.

Timakhala ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Wodziwa Blantyre akudziwa kuti malo athyathyathya ndi osowa mumzinda uno, ambirife timamanga pachitunda. Kasitoloko ndi ka mamita 3 mulitali ndi 2.4 mulifupi, kosungiramo makasu, wilibala, njinga, matumba a fetereza ndi chakudya cha nkhuku. Pamalo amene ndinasankha, nthaka inkatsika masentimita 55 kuchoka kumtunda kufika kumunsi. Pamaso sizioneka zambiri, koma ukakoka chingwe cha levulo umapeza kuti kumunsi chikudutsa pamwamba pa bondo.

Chaka chimenecho tonse tinali ndi mantha a madzi. Namondwe wa Freddy anali atangodutsa mu Malichi, ndipo tinaona mmene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokololera nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Kasitolo si nyumba yogonamo, komabe sindinafune kumanga mwachibwana chinthu chimene chili kumtunda kwa mpanda wa aneba.

Poyamba ndinkaganiza zoimika mizati n'kukhoma matabwa pamwamba, chifukwa ndi njira yachangu ndipo sukumba kwambiri. Mmisiri amene ndinamupeza, bambo wachikulire wodekha, anangoloza chulu chimene chili pafupi ndi mtengo wa mapeyala n'kunena kuti, "Achimwene, matabwa amenewo mukugulira chiswe." Tinagwirizana zodula nthaka kumtunda, kumanga khoma lalifupi kumunsi, ndi kudzaza pakati.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Dothi limene lakhala pamalo ake zaka zambiri ndi lolimba. Dothi limene wakumba n'kulithira pena limakhala ndi mphako zambiri, ndipo mvula ikalowa limatsika. Choncho kumunsi sitinayale maziko pa dothi lothira ayi. Tinakumba ngalande mpaka kufika pa dothi lofiira logwirana, lija piki imachita kudumpha, ndipo m'mbali tinakumba ngati masitepe, kuti chigawo chilichonse cha konkire chikhale chathyathyathya m'malo motsetsereka motsatira phiri. Pamwamba pake tinamanga mabuloko a simenti, mizere inayi kumunsi, umodzi kumtunda. Kudzaza mkati kunatitengera masiku atatu. Tinkathira masentimita 15, kuwaza madzi pang'ono, kutsendera ndi chipika cholemera mpaka phazi lisasiye chidindo, kenako kuthiranso. Anyamata amene ankatithandiza anadandaula kuti tikuchedwa, ndipo ine ndinayesedwa kuwamvera. Mmisiri anakana. Lero ndikayang'ana silabu yopanda mng'alu ija, ndimadziwa kuti ndi masiku atatu amenewo.

Zotsalazo zinali zachizolowezi. Ngodya tinazikonza kuti zikhale sikweya poyeza masentimita 90 mbali imodzi, 120 mbali inayo, ndi 150 mopingasa pakati pake. Tinayala miyala, mchenga pamwamba, kupopera mankhwala a chiswe, pulasitiki yakuda yoletsa chinyezi, waya wa mesh, kenako konkire ya masentimita 10: ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga wa mumtsinje, zinayi za miyala ya kwale. Silabu yokha inadya matumba 5. Tinaithirira mmawa ndi madzulo kwa masiku 7, titaifunditsa masaka, chifukwa dzuwa la Sepitembala limaumitsa konkire isanakhwime. Za levulo ya paipi yamadzi ndinene chimodzi chokha: mkati musakhale thovu la mpweya ngakhale limodzi, apo ayi ikunamizani. Ndi chipangizo chotchipa koma pamalo otsetsereka chimaposa levulo yaifupi ya m'manja.

Mvula yoyamba sinatiyese mokwanira. Nyengo ya 2023/24 inali ya El Niño, kummwera kuno kunachita ng'amba, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Ndikanalemba nkhaniyi nthawi imeneyo, bwenzi nditayamikira chilichonse. Mayeso enieni anabwera nyengo yotsatira, ya namondwe wa Chido mu Disembala 2024 ndi wa Jude mu Malichi 2025, pamodzi ndi mvula yamasiku onse ya Januwale ndi Febuluwale.

Choyamba kugonja chinali sitepe ya pakhomo. Imeneyi tinaithira tsiku lomaliza ndi konkire yotsala, pa dothi limene tinangolikankhira pamenepo ndi fosholo osatsendera. Mmisiri anali atapita kale, ndipo chisankho chinali changa. Mu Januwale 2025 inasiyana ndi khoma, n'kutsika pafupifupi masentimita 3 mbali imodzi. Dothi ndi lomwelo, simenti ndi yomweyo, mtunda pakati pa sitepe ndi silabu ndi buloko imodzi basi. Chimodzi chaima, china chatitimira. Ngati pali wina amene akukayika za phindu lotsendera, abwere adzaone pakhomo panga.

Vuto lachiwiri linandipweteka kwambiri chifukwa linawononga katundu. Kumtunda, pakati pa khoma la kasitolo ndi chigumu chimene tinadula, tinasiya mpata wa masentimita 40 okha, ndipo chigumucho tinachisiya chili chiriri ngati khoma. M'chilimwe chinkaoneka cholimba ngati mwala. Chitakhuta madzi chinayamba kugumuka pang'onopang'ono, dothi n'kudzaza mpata uja mpaka kupitirira pamene pali pulasitiki yoletsa chinyezi. Pulasitiki imateteza madzi ochokera pansi, siingachite kanthu ngati dothi lonyowa latsamira khoma cha pamwamba pake. Mkati khoma linada, linayamba kununkha nkhungu, ndipo thumba la Urea limene linatsamira pamenepo linagwirana n'kukhala chibuma. Amene amagula fetereza masiku ano akumvetsa mmene mtima unandiwawira. Ndinachotsa dothi lonse, ndinakuza mpatawo kufika mita imodzi, chigumu ndinachisema kuti chigone chopendekeka, ndipo pamwamba pake ndinakumba ngalande yopatutsa madzi kuti azizungulira kasitolo n'kukagwera m'ngalande yaikulu ya pamsewu. Ngalande imeneyi inayenera kukumbidwa tsiku loyamba, tisanagule n'thumba limodzi lomwe la simenti.

M'mphepete mwa ngalandeyo ndinadzala udzu wa vetiva, umene alangizi a zaulimi akhala akutiuza kwa zaka zambiri kuti tizidzala m'migula ya m'munda. Mizu yake imalowa pansi molunjika, mamita awiri kapena kuposa, ndipo sufalikira ngati kapinga. Ndinaudzala mothithikana mu Januwale, ndipo pofika nthawi ya Jude unali utayamba kale kugwira matope. Pa zonse zimene ndawonongerapo ndalama, udzu umenewu ndi umene wandithandiza kwambiri, chonsecho ndinangopempha mbewu kwa mnzanga.

Chachitatu ndi denga. Malata amatsikira kumunsi, ndipo sindinaike gata poganiza kuti kadenga kakang'ono sikangabweretse vuto. Koma denga la kasitolo kotere limapitirira masikweya mita 8, ndipo mvula ya mamilimita 50 ikagwa ndiye kuti malita oposa 400 akugwera pamzere umodzi, pafupi ndi maziko. Madziwo anakumba kamsewu mpaka konkire ya maziko inayamba kuonekera pangodya ina. Ndinakwirira, ndinayala miyala, ndipo tsopano pali gata yothira mu mgolo, umene mayi a kunyumba amatungamo madzi othirira mpiru ndi tomato.

Chiswe chinayeserapo kamodzi. Ndinapeza kanjira kake kadothi kakukwera pa felemu ya chitseko, kuchokera pa mng'alu uja wa sitepe. Mkati mwa silabu sichinatulukemo. Ndinaphwanya kanjirako ndi kupopera mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo ndimazungulira khoma lonse kamodzi pamwezi. Matumba onse tsopano amakhala pa mapaleti, osakhudza khoma.

Kodi ndingamangenso mwanjira yomweyi? Inde, ndipo pa maziko a masitepe, kutsendera ndi konkire sindingasinthe kanthu. Amene malo awo ndi otsetsereka kwambiri, koposa mita imodzi, asatengere za ine, chifukwa khoma lotchinga dothi lochuluka chotero limafuna zitsulo, mabowo otulutsira madzi ndi munthu wodziwa kuwerengera. Koma kwa kasitolo ngati kanga, njirayi yagwira ntchito. Chimene ndingasinthe ndi dongosolo: ndingayambe ndaima pamalopo mvula ikugwa, kuona kumene madzi akuchokera ndi kumene akupita, kenako ngalande, kenako maziko.

Sitepe ija ndiiphwanya mu Ogasiti nthaka ikauma. Ndakonza zokumba mpaka pa dothi lofiira, monga tinachitira ndi khoma la kumunsi, ndipo chipika chotsenderera chija ndachipeza chikadali kuseli kwa khola la nkhuku.