Magalasi a maso: kuitanitsa pa intaneti kapena kugula kwa oyeza maso kuno ku Mzuzu?

Pa intaneti sayeza maso, amangodula galasi motsatira manambala amene mwalemba pa fomu. Choncho ulendo wa ku Mzuzu Central Hospital kapena kukiliniki ya maso m'tauni ulipo ndithu, kaya mudzagula kuti. Kumeneko n'komwe amapezanso ng'ala, glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso) ndi kuwonongeka kwa maso chifukwa cha shuga. Kusiyana kumayambira pamene mwalandira pepala la muyezo.

Pepalalo limalemba OD pa diso lamanja, OS pa lamanzere. SPH ndi mphamvu ya galasi, CYL ndi AXIS zimayendera limodzi pokonza diso lomwe silili lobulungira bwino, ndipo ADD ndi mphamvu yowerengera imene ambiri amayamba kuifuna akapitirira zaka 40. Kushopu amakopera okha manambalawa. Pa intaneti wokopera ndinu, ndipo mukalemba +2.00 pomwe panali −2.00, galasilo ndi lotaya. AXIS imayambira pa 1 kulekeza pa 180. Kulemba 17 m'malo mwa 170 n'kosavuta pa foni.

Nkhani yaikulu ndi PD, mtunda wa pakati pa diso lina kufika pakati pa linzake. Kwa akuluakulu ambiri umakhala mamilimita 54 mpaka 74. Kawirikawiri salemba papepala chifukwa amauyeza posankha fulemu, ndiye pemphani akulembereni. Kudziyeza ndi rula pagalasi loyang'anira n'kosavuta kuphonya ndi mamilimita awiri. Kuphonya koteroko pa diso la −1.00 kumakhotetsa kuwala ndi 0.2 pa muyezo wotchedwa prism, zomwe simungazimve. Pa −6.00 kumafika 1.2, ndipo mutu umayamba kupweteka, masitepe n'kumaoneka ngati akuthawa phazi. Mphamvu ikamakwera, chilango cha kulakwitsa chimakweranso.

Magalasi a progressive, oonera patali kumtunda ndi kuwerengera kumunsi popanda mzere, musawagule pa intaneti. Amafuna kuti muvale fulemuyo, woyezayo aike kadontho ndi cholembera pomwe pali pakati pa diso lanu. Malo owerengera akatsika pang'ono, mumawerenga chibwano chili m'mwamba. Ana nawonso ayi: nthawi zambiri amafunika kudonthezedwa mankhwala m'maso asanayezedwe, komanso fulemu iyenera kugwira pamphuno pawo.

Pa mtengo, intaneti imaoneka yopambana mpaka mutawerengera zonse. Mtengo uli m'madola, khadi ya kubanki imatha kukana m'nyengo zosowa ndalama zakunja, pali yotumizira, MRA ikhoza kufuna yake, kenako milungu yodikira. Akalakwika, kubweza kunja kumatha kudya ndalama yoposa magalasiwo. Kushopu mumangobwerera, aike galasi pa makina oyezera mphamvu, aone ngati cholakwa chili pa kudula kapena pa muyezo. Mwendo wa fulemu ukamaluma kuseri kwa khutu amautenthetsa n'kuupinda, kasikulu kakagwa amaikapo kena mukuona.

Sikuti kushopu zonse n'zokoma. Mafulemu amakhala ochepa, mitengo yokwererapo, ndipo ena amatumiza magalasi ovuta kukadulitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mudikirebe. Amakondanso kukakamiza zowonjezera. Anti-reflective, yomwe amapaka pagalasi kuti lisamanyezimire, imathandizadi oyendetsa galimoto usiku, koma ya blue light, yotchinga kuwala kwa buluu kwa foni ndi kompyuta, umboni wake woti imachepetsa kutopa kwa maso ndi wofooka. Galasi lopyapyala la 1.67 (nambalayi si mphamvu, ikamakwera galasi limapyapyala) ndi lofunika kwa amene adutsa −4.00, kwa munthu wa −1.50, la 1.50 kapena 1.56 likukwanira, ndalama yotsalayo mugule ufa.

Ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp amene amati mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba, afunseni funso limodzi: akufuna PD yanu? Akapanda kuifunsa, akungolotera.

Intaneti imagwira ntchito kwa munthu wamkulu wofuna galasi la mphamvu imodzi (lopanda ADD) yosapitirira 2.00, CYL yochepa, pepala la chaka chino, PD yoyezedwa ndi katswiri, amene akufuna magalasi achiwiri osungira. Ameneyo ayang'ane mkati mwa mwendo wa fulemu yake yakale. Pamakhala manambala ngati 52-18-140: kukula kwa galasi, mpata wa pamphuno, ndi kutalika kwa mwendo. Asankhe yofanana nayo, ndipo ikafika apite nayo kwa oyeza maso akatsimikize mphamvu asanayambe kuvala.