Posankha buku la sayansi la chaka: tidalire oweruza, mavoti kapena nyuzipepala?

Chaka chikamapita kumapeto, mabuku a sayansi olembera anthu wamba amatuluka ndi zidindo pachikuto. Ili lapata mphoto, ili alivotera owerenga, ili nyuzipepala yakutiyakuti yaliika pa mabuku khumi opambana. Kwa anzathu a ku London zimenezi zimangowathandiza kusankha mphatso ya Khirisimasi, koma ife kuno ku Blantyre buku latsopano lochokera kunja limalira ndalama yakunja imene ikusowayi. Nthawi zambiri timachita kutuma m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku UK kuti atiponyere limodzi m'chikwama, ndipo ukasankha molakwika udikira chaka chamawa. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa amene ali kumbuyo kwa chidindo chilichonse.

Ine pa zonsezi ndimadalira mphoto ya Royal Society, bungwe la asayansi la ku London lomwe linakhazikitsidwa mu 1660. Mphoto yake ya mabuku inayamba mu 1988. Dzina limasinthasintha malinga ndi amene akuthandiza ndi ndalama: inatchedwapo Rhône-Poulenc, Aventis, Winton, Insight Investment, ndipo kuyambira 2023 ndi Trivedi. Choncho mukaona limodzi la mayina amenewa pa buku lakale, dziwani kuti ndi mphoto yomweyo. Kagulu ka oweruza, momwe mumakhala asayansi ndi alembi, kamasankha mabuku asanu ndi limodzi, kenako n'kutulutsapo limodzi. Wopambana amalandira mapaundi 25,000, otsalawo 2,500 aliyense. Chimene ndimaikondera n'chakuti buku limayesedwa pawiri. Wasayansi amaona ngati zolembedwazo zili zoona, mlembi amaona ngati munthu amene sanapite ku yunivesite angawerenge mpaka tsamba lomaliza osalisiyira panjira.

Taonani amene anapambana mu 2021, Merlin Sheldrake, ndi buku lake la Entangled Life. Nkhani yake ndi ya bowa ndi nkhungu. Limafotokoza kuti bowa amene timamuona pamwamba ndi chipatso chabe, thupi lenileni ndi timaulusi tosaoneka bwino timene timayanga pansi n'kulumikizana ndi mizu ya mitengo. Mtengo umapatsa timaulusito shuga, ito n'kumaupatsa madzi ndi michere ya m'nthaka. Mlembiyo sankaganiza za Malawi, koma mukawerenga zimenezi mu Disembala, mvula itagwa, amayi atayala mbale za bowa m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, mumvetsa chifukwa chake bowa wambiri wa m'nkhalango amatha pamene mitengo ya miombo yathera ku makala. Buku la Invisible Women la Caroline Criado Perez, limene linapambana mu 2019, nalonso limakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku. Limaonetsa kuti zidole zoyesera ngozi za galimoto zakhala zikupangidwa potengera thupi la mwamuna, ndiponso kuti matenda a mtima mwa amayi amachedwa kudziwika chifukwa zizindikiro zimene zinazolowereka ndi za abambo. Namwino kapena wophunzira wa ku KUHeS apindula nalo kwambiri.

Mphotoyi ili ndi pofooka pake. Imaona mabuku a Chingerezi osindikizidwa ku UK, ndiye lolembedwa ku Zomba kapena ku Lusaka silifika n'komwe patebulo la oweruza. Komanso panatenga zaka zambiri kuti mayi apambane payekha. Woyamba anali Gaia Vince mu 2015, patadutsa zaka 27 chiyambire mphotoyi. Ndikulangizeninso kuti musamangothamangira wopambana. Pamene asiyanitsira woyamba ndi asanu enawo pamakhala pang'ono kwambiri, ndiye onani onse asanu ndi limodzi, mutenge limene nkhani yake ikukukhudzani.

Mavoti a Goodreads, tsamba la pa intaneti la owerenga mabuku, ndi osiyana kotheratu. Anayamba mu 2009, kuvota kumatsegulidwa mu Novembala, zotsatira n'kutuluka kumayambiriro kwa Disembala. Palibe oweruza, palibe ndalama yopata. Aliyense amene ali ndi akaunti amavota, ndipo palibe amene amamufunsa ngati anawerengadi bukulo. Zimafanana ndi mpikisano wa makwaya momwe opambana ndi amene abwera ndi anthu ambiri oomba m'manja. Neil deGrasse Tyson anapambana gawo la sayansi mu 2017, David Attenborough mu 2020. Mabuku awo ndi abwino ndithu, koma anthuwa anali otchuka kale pa wailesi yakanema, ndipo mlembi watsopano amene walemba bwino koposa sangapikisane nawo pa chiwerengero cha mavoti. Tisaiwalenso kuti Goodreads ndi ya Amazon kuyambira 2013, kutanthauza kuti mwini mpikisano ndi wogulitsanso mabukuwo. Mu 2021 gawo la sayansi analichotsa, moti masiku ano buku la sayansi limalimbana ndi mabuku ena onse a nkhani zoona m'gulu limodzi.

Komabe sindikuti mavotiwa ndi achabe. Amakuuzani chinthu chimodzi motsimikiza, kuti bukulo ndi losavuta kuwerenga. Ngati mukugulira mwana wa Fomu 3 amene sanamalizepo buku la sayansi losakhala la m'kalasi, yambirani pamenepa. Akazolowera, mum'patse zolemera.

Mindandanda ya nyuzipepala ndi magazini ili pakatikati. The New York Times imatulutsa mabuku khumi a chaka, The Guardian ndi magazini ya Smithsonian zimatulutsa ya sayansi payokha. Osankha ndi akonzi ndi olemba ndemanga, ndipo ubwino wawo ndi liwiro: buku la An Immense World la Ed Yong, lonena za mmene nyama zimaonera, kumvera ndi kununkhizira dziko, linalowa pa khumi a The New York Times mu 2022, mphoto ya Royal Society n'kubwera mu 2023. Koma mndandanda wotere umatsatira zimene zikuvutitsa owerenga a nyuzipepalayo chaka chimenecho, ndipo zimenezo si nthawi zonse zimakhala zathu. Ine ndimaugwiritsa ntchito ngati mboni yachiwiri. Buku likapezeka ku nyuzipepala komanso pa asanu ndi limodzi a Royal Society, ndimatuma osakayika.

Kwa amene matumba sakulola, mindandanda ya zaka zam'mbuyo ndi imene ingakuthandizeni kuposa ya chaka chino. Mabuku amene anapambana kalekale, monga la Jared Diamond mu 1998, la Stephen Hawking mu 2002 ndi la Bill Bryson mu 2004, anasindikizidwa ambirimbiri, ndipo otere ndi amene amatsikira kwa ogulitsa mabuku a kaunjika m'mbali mwa misewu m'tauni ndi ku Limbe, kapena pa mashelufu a National Library. Sungani mayinawo m'foni musanapite kukasanthula mulu. Ingokumbukirani kuti sayansi imayenda, ndiye ziwerengero zina za m'buku la zaka makumi awiri zapitazo zinasintha.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pa njira zitatu zonsezi palibe imene inapangidwira mabuku athu, chonsecho nkhani tili nazo pakhomo pomwe pano. Madokotala m'mayiko ambiri amayeza kukomoka kwa mwana wodwala malungo a muubongo ndi muyezo wotchedwa Blantyre Coma Scale, umene Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anaufalitsa mu 1989 kuchokera pa ntchito yawo ku Queens. Kuyambira 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi, amene mu 2023 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Namondwe Freddy, amene anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, akufunika wina woti afotokoze m'Chichewa chifukwa chake nthaka ya m'phiri imatsetsereka ikamwa madzi. William Kamkwamba wa ku Kasungu anaonetsa mu 2009, m'buku limene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer, kuti nkhani ya sayansi ya m'mudzi mwathu ikhoza kuwerengedwa dziko lonse.

Sitifunika kudikira mapaundi 25,000 kuti tiyambe. Magulu owerenga mabuku, aphunzitsi a sayansi a m'masekondale ndi ophunzira a ku MUBAS ndi KUHeS akhoza kukumana Disembala aliyense n'kusankha zolemba za sayansi za Amalawi zimene zatuluka chakacho, kaya ndi kabuku, kaya nkhani ya m'nyuzipepala, m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Oweruza akhale wasayansi mmodzi, mlembi mmodzi ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo aliyense wovota akhale atawerenga zonse zimene zili patebulo.