Psoriasis: Vitamini D Wakumwa Kapena Wopaka?

Pa khungu la munthu wa psoriasis, maselo amene amayenera kukhwima kwa mwezi wathunthu amafika pamwamba m'masiku ochepa chabe, n'kumaunjikana ngati mamba m'zigongono, m'maondo ndi m'mutu. Ichi si chipere, sichipatsirana, ndipo mankhwala a chipere sachitha. Vitamini D amachepetsa liwiro la maselowo, koma nkhani yagona pa njira imene walowera.

Mapiritsi amathandiza makamaka munthu amene wayezetsa magazi n'kupezeka kuti vitaminiyu ndi wochepa m'thupi. Kwa ena, zigamba sizisintha kwenikweni. Wamkulu asapitirire 4,000 IU (muyeso wa vitamini wolembedwa pa botolo) patsiku popanda dokotala. Vitaminiyu akachuluka, amakweza kashiamu m'magazi: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, mwinanso miyala mu impso.

Wopaka, calcipotriol, ndiye amagwira ntchito yooneka ndi maso, chifukwa amafika pamene pali vuto. Amapakidwa mopyapyala pa zigamba pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku, osapitirira magalamu 100 pa sabata. Kusintha kumayamba pakatha masabata awiri, koma kuti mamba aphwe bwino pamafunika masabata 6 mpaka 8, ndipo ambiri amataya mtima asanafike pamenepo. Kumaso amawotcha khungu, choncho sambani m'manja mukatha kupaka. Musamupake limodzi ndi mafuta a salicylic acid (ofewetsa mamba), asidiyo amamupha mphamvu.

Vaseline pakani mukangotuluka kosamba, khungu likadali lonyowa, calcipotriol adikire kwa theka la ola.

Zigamba zikabuka mwadzidzidzi thupi lonse, wakumwa ndi wopaka onse sakwanira. Pitani kuchipatala, mukayezetsenso HIV.